Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zantchito, zamaphunziro ndi zachisankho: tikupempha tsiku limodzi lokha

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zantchito, Nduna ziwiri za Zamaphunziro, akuluakulu a bungwe loyendetsa zisankho la ZEC, komanso inu eni makampani ndi aphunzitsi aakulu a muno mu Harare,

Zikomo akuluakulu. Ndakupatsani moni ndi manja awiri, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine telala wa ku Mufakose, bambo wa ana anayi, wobadwira konkuno, mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Thyolo wapansi kudzafuna ntchito. Ndimapemphera mumpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo ndimaphunzitsa kagulu ka achikulire pa Sukulu ya Sabata. Sananditume abusa, silinanditume likulu la mpingo. Mawuwa ndi anga, ndipo ngati ndalakwitsa penapake mlandu ndi wanga. Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndime 6 ya malamulo oyendetsera dziko lino a 2013 inachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komanso chifukwa anthu amene ndikuwanenera pano akamadandaula usiku amadandaula m'chilankhulo chimenechi.

Chanditengetsa cholembera ndi ichi. Mwezi wathawu kampani ina ya ku Workington inamata chikalata pageti chonena kuti kuyambira tsopano aliyense azibwera Loweruka mpaka 1 koloko masana. Mmodzi mwa antchito ake anali mlamu wanga, amene wayendetsa makina pamalopo zaka 11 osalandirako chenjezo ngakhale limodzi. Anapita ku ofesi atanyamula kalata ya abusa ndi pempho lake lolemba pamanja: kuti azibwera Lamulungu m'malo mwake, kapena aziwonjezera ola limodzi tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka maolawo akwane. Bwana wa ofesiyo sanatsegule n'komwe envulopu. Anaikankha ndi chala chimodzi mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo, nati, "Madala, musankhe. Ntchito kapena tchalitchi." Loweruka loyamba linabala chenjezo, lachiwiri linanso, lachitatu chenjezo lomaliza. Sabata yachinayi mlamu anafika kunyumba kwanga masana dzuwa likuswa mtengo, ovololo ndi nsapato zake zantchito zili m'thumba la pulasitiki. Anakhala pakhonde nthawi yaitali osayankhula. Mawu ake oyamba anali akuti, "Alamu, mlongo wanu ndikamuuza bwanji?"

Ndikudziwa zimene zimanenedwa za ife m'maofesi tikatuluka. Akuti ndife aulesi obisala m'Baibulo. Akuti ndife odzikuza, timadziyesa oyera kuposa ena. Akuti ndife ouma mutu, ndipo tikanamva njala yeniyeni tikanaleka. Ndiloleni ndiyambe ndi kukuuzani chimene chili m'mitima mwathu, chifukwa munthu sungamuweruze bwino usanamve chimene chikumuyendetsa.

Agogo anga aamuna anabatizidwa ku Malamulo, mishoni ija ya ku Makwasa imene a Adventist anagula mu 1902, patangopita zaka zisanu ndi zitatu chikhazikitsireni Solusi kufupi ndi Bulawayo mu 1894. Dzina lenilenilo la Malamulo likunena za malamulo khumi aja, ndipo lachinayi mwa iwo ndi la Sabata. M'zaka za m'ma 1940 agogo anadzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kudzalowera ku Mutoko monga ankachitira anzawo ambiri, mpaka anapeza ntchito papulazi ya fodya cha ku Mazowe. Sabata yoyamba yomweyo anauza kapitawo kuti kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, khasu sagwira. Anawamana phoso kwa masabata angapo, namadya za anzawo. Koma papulazi ya fodya pali ntchito imene sidziwa tsiku: moto wa m'nyumba zowumitsira fodya suyenera kuzima, ndipo Lamulungu palibe amene ankafuna kuusonkha. Agogo anati, "Ndipatseni ine." Kuyambira pamenepo Loweruka usiku ndi Lamulungu lonse anali awo, ndipo anakhala papulazipo mpaka ukalamba. Amayi anga ankakamba kuti manja a agogo anali ngati khungwa la mtengo, ndipo Lachisanu madzulo ankawatsuka ndi mwala kuti agwire Baibulo ndi manja oyera.

Nkhaniyi ndimaiganizira kawirikawiri masiku ano. Ngati mzungu wa papulazi m'nthawi ya atsamunda, amene sankatiwerengera ngati anthu enieni, anatha kuona kuti kusinthana masiku kumamupindulira, chikulephereka n'chiyani m'dziko lodzilamulira lokha kuyambira 1980?

Tamverani maina a masiku athu. Lolemba ndi tsiku lolembedwa ntchito. Loweruka ndi tsiku loweruka. Anzathu Achishona amalitcha Mugovera, tsiku logawa phoso. Kalendala imene timalankhula inabadwira pakhomo la bwana, ndipo tsiku lililonse la mmwenye, mzungu kapena kampani linali ndi mwini wake. Kwa munthu ngati agogo, Sabata linali tsiku limodzi lokha limene sanali "boyi" wa wina aliyense. Buku la Deuteronomo mutu 5 limanena chifukwa chake mosabisa: upumule iwe, apumulenso wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi, ngakhale ng'ombe ndi bulu, pokumbukira kuti nawenso unali kapolo ku Iguputo. Eksodo 20 amapereka chifukwa china, chakuti Mulungu analenga masiku asanu ndi limodzi napumula lachisanu ndi chiwiri. Ife timazitenga zonse ziwiri. Timasunga tsikuli chifukwa timakhulupirira kuti Mlengi ndiye analipatula, osati ife, ndipo chinthu chimene sunachiike wekha sungachisunthe wekha. Ndipo musaiwale kuti lamulo lomwelo limayamba ndi kulamula kuti tigwire ntchito masiku asanu ndi limodzi. Waulesi waphwanya lamuloli kuyambira kumutu kwake.

Sindinalembe kuti titsutsane za tsiku loyenera kupembedza. M'Chichewa chathu chomwechi mawu akuti sabata amatanthauzanso mlungu wathunthu, ndipo abale anga a CCAP akati "tionana Lasabata" amatanthauza Lamulungu. Mkangano umenewo ndi wa m'matchalitchi, si wa boma. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti kwa ife nkhaniyi ndi pangano limene tinachita pamaso pa Mulungu tsiku lobatizidwa, titaimirira m'madzi, anthu akuona.

Mukanabwera kwathu Lachisanu masana mukanaona ngati ndi ulesi. Tsikulo timalitcha lokonzekera. Mayi a kunyumba amagulitsa tomato ndi masamba ku Mbare Musika. Pofika 2 koloko amakhala atatsitsa mtengo kuti zotsala zithe, chifukwa zogona mpaka Lamulungu zambiri zimafota. Ine ndimakhala ndikuthamangitsa makina kuti mayunifolomu a anthu atuluke. Kunyumba ana akutunga madzi odzaza migolo yonse, wina akusita malaya ndi simbi yamakala ngati magetsi apita, nyemba zili pamoto, nsapato zisanu ndi ziwiri zili pamzere pakhonde zitapakidwa polishi. M'mwezi wa June dzuwa la Harare limalowa cha m'ma 5:30, ndiye amene wachedwa pamzere wa makombi ku Market Square amafika akupuma mwawefuwefu, maso ali kumadzulo. Kenaka zonse zimangoti zii. Wailesi yazima, lamya zaikidwa m'kabati, tonse takhala pabalaza, wamng'ono kwambiri ndiye amasankha nyimbo yotsegulira Sabata. Mlungu wonse ine ndi mwana wanga wamwamuna timangodutsana pakhomo. Usiku umenewu ndi pamene ndimamva zimene zikumuvuta. Ngongole ili pomwepo, lendi ili pomwepo, koma kwa maola 24 sitizitchula.

Ndipo mtengo wake timaudziwa. Loweruka ndilo tsiku la ndalama ku Mbare. Anzawo a mayi amapeza tsiku limenelo zimene ena amapeza masiku awiri, pamene tebulo lathu lili lovundikira ndi saka. Kwa telala, Loweruka ndilo tsiku la maukwati ndi okonzetsa zovala mwadzidzidzi. Zimenezo tinazitaya tokha, mwakufuna kwathu, ndipo sitipempha munthu kuti atibwezere. Waulesi sasankha kupumula tsiku limene ndalama zikuyenda. Dandaulo lathu lili pa zinthu zimene sitinasankhe ife, zimene zingakonzeke popanda wina kutaya kanthu.

Dandaulo loyamba ndi la kuntchito. Ndime 60 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, kuphatikizapo ufulu wochita zimene amakhulupirira, poyera kapena payekha. Ndime 56 imaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo. Lamulo la zantchito la Labour Act, mundime 5, limaletsa wolemba ntchito kusankha anthu potengera chikhulupiriro, ndipo ndime 14C imati wantchito aliyense ayenera kupumula maola osachepera 24 otsatizana pa mlungu, kaya tsiku lomwelo mlungu uliwonse kaya tsiku limene iye ndi bwana wake agwirizana. Taonani: maola 24 amene tikupemphawa ndi omwewo amene lamulo linapereka kale. Sitikufuna owonjezera. Vuto lili pa mawu akuti kugwirizana. Kodi mlonda wolandira ndalama zosakwana lendi ndi chakudya angagwirizane chiyani ndi kampani, pamene pageti pali anthu makumi angapo odikira malo ake? Lamulo silinena kuti bwana ayenera kumvetsera pempho, kapena kupereka chifukwa akakana. Ndiye kugwirizanako kumathera pa chala chokankha envulopu.

Mlamu wanga si yekha. M'kagulu kanga ka Sukulu ya Sabata muli mtsikana amene anakhoza mafunso a ntchito ya patilo m'sitolo ina yaikulu m'tauni. Atatsala pang'ono kusaina anatchula za Loweruka, namuuza kuti amuimbira lamya. Chaka chatha tsopano. Muli mlonda amene kwa zaka zambiri ankasinthana shifiti ndi mnzake wa Katolika, wina kutenga Loweruka wina Lamulungu, onse awiri okondwa, malo olondedwa bwino. Kunabwera woyang'anira watsopano n'kuletsa kusinthanako popanda kunena cholakwika. Achinyamata athu aphunzira kubisa mpingo wawo pofunsira ntchito, kenaka n'kumanamizira maliro kapena matenda Loweruka lililonse. Izi zimandiwawa kuposa zonse, chifukwa tikuphunzitsa ana oona mtima kunama kuti adye.

Musandimve molakwa. Tikudziwa kuti ndime 86 imalola kuti ufulu uchepetsedwe pakakhala chifukwa chomveka, ndipo pali ntchito zimene sizidikira. Anamwino ndi madokotala a mpingo wathu amasamalira odwala pa Sabata, m'zipatala za boma ngakhalenso m'zipatala za mpingo monga ya Malamulo. Yesu yemwe anachiritsa pa Sabata, nafunsa kuti ndani angasiye ng'ombe yake m'chitsime tsikulo. Nyumba ya mnansi ikapsa Loweruka tidzakhala oyamba kunyamula ndowa. Koma kupakira katundu amene akanapakiridwa Lamulungu si ng'ombe m'chitsime.

Dandaulo lachiwiri ndi la kusukulu, ndipo pano ndikulankhula monga kholo. Mwana wanga wamkazi woyamba ali pa koleji ina muno mu Harare. Chaka chathachi mphunzitsi wina anaika mayeso a pakati pa teremu Loweruka m'mawa, chifukwa akuti zipinda zinali zodzaza mkati mwa mlungu. Mwanayo anapita kukapempha masabata awiri nthawi isanakwane. Anati ali wokonzeka kulemba Lachisanu m'mawa, kapena kukhala m'chipinda choyang'aniridwa wopanda lamya mpaka dzuwa la Loweruka litalowa n'kulemba usiku womwewo. Anamuyankha kuti koleji si tchalitchi. Lachisanu lija usiku ndinamupeza pakhonde, mabuku ali pamiyendo osatsegula. Sindinamulamule kanthu. Ali ndi zaka 21, anabatizidwa mwakufuna kwake, ndipo ndinamuuza kuti chilichonse chimene asankhe adzakhalabe mwana wanga. M'mawa anavala zopita kutchalitchi. Anamulembera ziro, phunzirolo analibwereza, ndipo ndalama zobwerezera zinachokera pa makina anga aang'ono osokera amene ndinagulitsa. Anzake awiri a mpingo wathu anapita kukalemba, ndipo sindiwaweruza ngakhale pang'ono. Ndikudziwa misozi imene anakhetsa. Funso langa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mwana wa zaka 21 aikidwe pamphambano yotero chifukwa cha kusowa kwa chipinda?

M'masukulu a pulayimale ndi sekondale vuto ndi makalasi a Loweruka a ana a Giredi 7 ndi Fomu 4. Kubwereza zakale palibe cholakwika, koma aphunzitsi ena amaphunzitsa mitu yatsopano tsikulo, osaibwerezanso Lolemba. Mwana akafunsa amauzidwa kuti akafunse abusa ake. Wina anachotsedwa pa timu ya sukulu, wina anamanidwa udindo woyang'anira anzake, onse chifukwa chomwecho.

Makhoti a dziko lino anaunikirapo kale njira. Mu 1995, pa mlandu wa Chikweche, Khoti Lalikulu la Supreme linagamula kuti loya wa chipembedzo cha Rasta sangakanizidwe kulembetsa ntchito yake chifukwa cha madiredi. Mu 2007, pa mlandu wa Dzvova, khoti lomwelo linateteza kamnyamata kamene kanatsekeredwa kunja kwa kalasi pa chifukwa chomwecho. Ku Kenya, mu 2017, Khoti la Apilo linagamula mokomera ana a sukulu osunga Sabata. Koma kodi kholo lililonse liyenera kufika ku Supreme kuti mwana alembe mayeso Lachisanu? Ife ogulitsa tomato ndi osoka mayunifolomu ndalama za loya tizitenga kuti?

Dandaulo lachitatu ndi la chisankho, ndipo kwa ife a mtundu wochokera ku Malawi ndi bala lakale. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri mwa ife obadwira konkuno tinapezeka kuti ndife alendo m'dziko lobadwira, zitupa zathu zikunena choncho, ndipo voti inatichoka. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ife makolo athu agona m'manda a muno, tingakamukire kuti? Ndime 43 ya malamulo a 2013 ndiyo inatibwezera unzika, ife amene makolo athu anachokera m'maiko a SADC. Munthu amene analandidwapo voti amadziwa kulemera kwake. Tsono taonani masiku awa: chisankho chachikulu cha pa 29 March 2008 chinali Loweruka. Riferendamu ya malamulo atsopano omwewa, pa 16 March 2013, inali Loweruka. Zisankho zapadera za pa 26 March 2022 ndi za pa 9 December 2023 zinalinso Loweruka. Malo oponyera voti amatsekedwa 7 koloko madzulo, pamene dzuwa m'miyezi imeneyo limalowa 6 koloko itadutsa. Wosunga Sabata amatsala ndi nthawi yosakwana ola limodzi kuti atseke Sabata, ayende, apeze dzina lake. Kwa gogo woyenda ndi ndodo ndiye kuti palibe voti. Enanso amalephera kugwira ntchito ya ukalaliki kapena kuyang'anira chisankho. Komatu zisankho zikuluzikulu za 2013, 2018 ndi 2023 zinachitika mkati mwa mlungu, pa Lachitatu, Lolemba ndi Lachitatu, ndipo dziko silinagwe. Njira ilipo, munaiyenda kale.

Ndiponso si ife tokha. A mpingo wa Johane Marange nawo amasunga Loweruka, pamodzi ndi mipingo ina ing'onoing'ono. Abale athu Achiyao a ku Mbare amafuna ola lawo la kumzikiti Lachisanu masana. Ndipo inu eni nthaka mukudziwa chisi: tsiku limene khasu silikhudza munda, ngakhale mvula itagwa bwino dzulo lake. Palibe amene amati anthu a kumudzi kwanu ndi aulesi posunga chisi. Mwambo wopatula tsiku si wachilendo m'dziko lino.

Tsopano nditembenukire kwathu, chifukwa ndikabisa zathu kalatayi ikhala yabodza. Pali ena mwa ife amene apangitsa kuti mbiri ya kudzikuza imamatire. Ndamvapo ndi makutu anga mbale akuuza mnansi wake wa CCAP pamaliro kuti mapemphero ake safika kumwamba. Ndaonapo ena akuyang'ana mbale ya mnzawo kuntchito n'kuyamba ulaliki wa nyama ya nkhumba munthu akudya. Alipo amene amatenga kalata ya abusa kuti apumule Loweruka, masana omwewo n'kupezeka ku Rufaro akuonerera mpira. Aliponso amene amatsutsa msanga wachinyamata wopita kuntchito pa Sabata chifukwa cha njala, koma osamufunsa ngati kunyumba kuli ufa. Zonsezi ndi zamanyazi, ndipo zimatsutsana ndi tsiku limene timati tikulilemekeza. Yesu ananena kuti Sabata linaikidwa chifukwa cha munthu. Amene amalisandutsa chikwapu chomenyera anzake sanalimvetse. Akuluakulu amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, koma ndikupempha kuti pa nkhani iyi mutole yowolayo n'kuitaya, zinazo muzione pazokha. Ambiri amene ndimakhala nawo Sabata lililonse ndi amayi a Dorika onyamula ufa ndi sopo kupita kwa odwala osafunsa mpingo wawo, ndi abambo amene pamaliro a m'dera amakumba manda Lachisanu kapena Lamulungu mbandakucha kuti gawo lawo lisasowe.

Choncho, mwaulemu wonse, ndikupempha izi:

1. Unduna wa Zantchito utulutse malangizo olembedwa, ndipo makhonsolo a NEC, momwe oimira antchito ndi olemba ntchito amakambirana za kagwiridwe ka ntchito, awaike m'mapangano awo, onena kuti wantchito akapempha tsiku lopuma logwirizana ndi chipembedzo chake, bwana ayenera kukhala naye pansi, kuona njira zosinthira monga kusinthana shifiti, kugwira Lamulungu kapena kuwonjezera maola mkati mwa mlungu, ndipo akakana apereke chifukwa cholembedwa chimene ofesala wa zantchito angathe kuchiunika.

2. Munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha Sabata nkhani yake isanamvedwe ndi wina wosakhala wa kampaniyo. Amene achotsedwa kale m'njira imeneyi milandu yawo ionedwe msanga, chifukwa njala sidikira tsiku la khoti.

3. Makoleji ndi mayunivesite asaike mayeso kapena ntchito yowerengeredwa kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo popanda kupereka nthawi ina. Wophunzira alembetse chipembedzo chake poyamba chaka kuti pasakhale wonamizira, ndipo ngati pali mantha akuti mafunso awululika, tavomera kuti ana athu akhale moyang'aniridwa mpaka dzuwa litalowa. Ngati pafunika ndalama ya woyang'anira, makolo ndi mpingo tikambirane, tili okonzeka.

4. Masukulu a pulayimale ndi sekondale asaphunzitse mitu yatsopano Loweruka lokha, ndipo mwana asalangidwe kapena kunyozedwa pamaso pa anzake chifukwa chosabwera tsikulo.

5. Zisankho zapadera ndi mariferendamu aziikidwa mkati mwa mlungu monga zakhalira zisankho zikuluzikulu zitatu zapitazi. Ngati n'kosatheka, nthawi yotsekera italikitsidwe kuti munthu athe kuvota dzuwa litalowa.

6. Inu eni makampani, musanataye envulopu, muitsegule. Funsani anzanu amene ali ndi antchito osunga Sabata kuti amene amagwira Lamulungu ndi masiku a tchuthi mosanyinyirika ndi ndani.

7. Kwa abusa ndi akulu a mipingo yathu: musamalembe kalata yochitira umboni munthu amene simukumudziwa, chifukwa kalata imodzi yabodza imatsekera khomo anthu khumi oona. Muziperekeza mbale ku ofesi m'malo mongomupatsa pepala. Mukhazikitse thumba lothandiza amene achotsedwa ntchito, chifukwa kuuza munthu kuti "limbikani" ana ake akugona ndi njala n'kosakwanira. Ndipo muzidzudzula paguwa amene amanyoza anansi opembedza Lamulungu, monga momwe mumadzudzulira machimo ena.

Abale ndi alongo amene mwawerenga kalatayi ku Highfield, Dzivarasekwa, Epworth, Mabvuku ndi kwina konse, kaya ndinu a mpingo uti, itumizeni kwa wina amene ali ndi mphamvu yosintha ndandanda wa ntchito kapena wa mayeso. Amene mumadziwa Chishona ndi Chingerezi bwino, muimasulire kuti ifike m'maofesi.

Mlamu wanga wakadandaula kwa ofesala wa zantchito ndipo akudikira tsiku. Pakali pano amadzuka 4 koloko m'mawa kukanyamula matumba a mbatata ndi kabichi ku Mbare, Lamulungu mpaka Lachisanu masana, pa msinkhu wa zaka 52. Lendi ya mwezi uno tasonkherana pachibale. Ya mwezi wamawa sitikudziwa. Ovololo ija mlongo wanga anaichapa n'kuisita, ili pa msomali kuseri kwa chitseko. Mlamu wandiuza kuti ndilembe kuti alibe chidani ndi bwana uja, ndipo akamuitana adzafika pageti Lamulungu 7 koloko isanakwane.

Ine wanu mwaulemu,
Telala wa ku Mufakose, Harare